Tsiku Limene Ndinafera mu Sanda ya Bambo

Ine ndinafapo kale, ndipo anthu a ku Chia anaonerera imfa yanga akutafuna nzimbe. Mlandu wake ndimaupereka kwa msuweni wanga, mwana wa amalume, amene anabwera kuchokera ku Joni m'zaka zimene tinangoyamba kuvotera zipani zambiri, atanyamula kamera ya vidiyo yolemera ngati mwana wa chaka chimodzi.

Nthawi imeneyo pamsika pathu panali chisakasa cha mabango chokutidwa ndi mapulasitiki akuda, m'kati muli kanema woyendera batire ya galimoto. Tinkalowamo masana dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Msuweni wangayo ankakonda mafilimu akale a chimunthu chobisa nkhope, choyenda mwachifatse ndi mpeni, chomapha achinyamata mmodzimmodzi mpaka kutsala mtsikana mmodzi. Malamulo ake ankawadziwa kuposa nsanamira za chipembedzo: wopita yekha kumadzi amafa, woseka anzake amafa, wothamanga amagwa yekha popanda chomupunthwitsa. Tsono anati apanga yake yolemekeza akale aja, koma ya kwathu kuno, ya m'minda ya mpunga.

Ine ndinafuna kukhala mtsikana wopulumuka uja. Iye anaseka mpaka misozi, nati pakamwa ngati pangapa mpofunika kufa poyambirira, chifukwa ndikakuwa ndimamveka mpaka ku Kanyenda. Ndinamulalatira zachisuweni, koma ndinavomera. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo kuoneka pa kanema kunandizunguza mutu.

Wakuphayo anali msodzi wina wochokera kumpoto, wamtali, wofatsa moti asanandikweze chikwanje ankayamba wapepesa. Tinamuveka thumba la ufa loboola maso. Magazi tinaphika tokha: chidede, ndiwo yowawasa yofiira ija, kuthiramo ufa wa kondowole kuti alimbe. Zonse zinatheka, kupatula chimodzi. Msuweni ankafuna kuti chimunthucho chikandipha poviika chinangwa, chindikulunge m'nsalu yoyera n'kundikwakwaza, magazi akutulukira pang'onopang'ono, monga anaonera m'mafilimu mwake muja. Nsalu yoyera yaitali chotero panalibe anali nayo.

Ine ndinkadziwa pamene inali, ndipo sindinama kuti sindinkadziwa kuti ndi yachiyani. M'bokosi lachitsulo la bambo munali sanda, nsalu yoyera imene ife Asilamu timakulungamo maliro. Bambo anatsekeredwapo m'ndende zaka zingapo nthawi ya chipani chimodzi, ndipo za kumeneko sankakamba. Chimene anatiuza n'chimodzi chokha, kuti anaona mnzawo akuikidwa m'manda atakulungidwa m'bulangete long'ambika limene anaferamo. Atatuluka, asanagule ngakhale nsapato, anagula sanda yawoyawo, namanga kalubani pakona yake kuti izinunkhira. Ankati china chilichonse angasowe, koma kwa Mulungu adzapita ndi nsalu yoyera.

Ndinaitenga Lachisanu iwo ali kumzikiti. Mumtima ndinkati chidede ndi ndiwo chabe, ndichapa, pofika madzulo ikhala yabwerera m'bokosi.

Tinajambula kanayi, chifukwa msodzi uja ankandikoka mwaulemu kwambiri. Kachinayi anandikwakwaza zenizeni, m'matope ndi m'ziputu za udzu. Kenako ndinapita kudambo kukachapa. Nditangopaka sopo, banga lofiira lija linasanduka lobiriwira ngati chiwindi chowola, ndipo ndikamatikita linkangofalikira. Ndinayesa mandimu, ndinayesa phulusa, koma ayi ndithu. Penanso inali itang'ambika. Ndinaipinda banga lili m'kati n'kuibwezera, ndipo msuweni analumbira kuti agula ina bambo asanatsegule bokosi.

Tsiku loonetsa filimu chisakasa chinadzaza mpaka ena anaboola mabango kuti azisuzumira. Mwadzidzidzi ndinaona bambo akulowa, kofia ili kumutu, munthu woti sanapondepo pamalo pamenepo. Wina anali atawauza kuti mwana wawo ali pa kanema. Anthu anawapatsa benchi lakutsogolo.

Kudziona wekha ukufa si chinthu chamasewera. Ndinadziona ndikuviika chinangwa, thumba la maso awiri likutuluka mumpunga kumbuyo kwanga, ndipo ngakhale ndinkadziwa kuti ndi msodzi wopepesa uja, tsitsi linandinyerenyetsa. Amayi ena anandikuwira kuti ndicheuke, ine ndili pambali pawo pomwepo. Chikwanje chitatsika anthu anakuwa, kenako anaseka, ena akundimenya pamsana kuti ndafa bwino. Ndiye kunabwera kukwakwaza kuja. Msuweni, ndi luso lake la tsokalo, anayandikitsa kamera kumapazi anga, ndipo kanema yense anadzaza ndi kona ya nsalu, kamfundo ka lubani kakudumphadumpha m'matope.

Bambo anaimirira. Sanakweze mawu.

“Bwezani pamenepo.”

Msuweni anabweza tepi, ndipo ndinaona mtembo wanga ukubwerera chafutambuyo. Bambo anaonanso. Anati abwezenso. Kachitatu m'chisakasa monse kuseka kunatha, anthu osadziwa chalakwika n'chiyani. Kenako bambo anatuluka, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinafika kunyumba nditakonzekera ndodo. Ndinawapeza atakhala pakhonde, sanda ataiyala pamiyendo, chala chili pabanga lija. Ndinagwada n'kuyamba kulongolola za sopo ndi mandimu, koma anandidula ndi funso loti kodi pokokedwa paja sindinapweteke. Nditati ayi, anasisita bangalo ndi chala.

“Nsalu iyi ndinagula kuti iwe udzandione ine ndili m'menemu,” anatero. “Sindinagule kuti ine ndione iwe.”

Bola akanandimenya. Ndinalira ngati kamwana, n'kulonjeza kuti tikangokolola mpunga ndipita ndekha ku boma kukagula ina. Anavomera ndi mutu, nati ikhale yochokera m'manja mwanga, iwo sagula sanda kawiri. Msuweni anabwerera ku Joni ndi kamera yake, akulumbirabe kuti atumiza nsalu, ndipo mpaka lero ikubwera.

Mpunga unali usanache pamene bambo anadwala. Malungo a masiku atatu okha, basi. Anamwalira m'mawa mvula itagwa sabata yathunthu, madzi atadula msewu wopita ku boma, ndipo kwathu maliro sagona. Anyamata anazungulira timagolosale tonse ta pafupi, koma nsalu yoyera sinapezeke. Ashehe anafunsa ngati malemu anasiya sanda, ndipo amalume analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bokosi lachitsulo lija.

Ndinali pakati pa azimayi, koma ndinaona zonse kudzera pampata wa mpanda. Sanda ija anaitambasula, amuna onse n'kuyang'anana. Ambiri a iwo anali m'chisakasa muja tsiku lija, ndipo tsopano anazindikira chimene bambo ankabwezetsera tepi. Palibe anatchula dzina langa. Ashehe anayeza ndi mkono, natembenuza nsalu uku ndi uku kufuna kudula mozemba banga, koma bambo anali munthu wamtali ndipo nsalu sinalole. Anati nsaluyo ndi yochapa, ilibe chodetsa, igwira ntchito.

Jeneza lonyamulira maliro lisananyamuke, amalume anabwera kudzandipatsa kamfundo ka lubani kamene anadula pakona. Ndinawafunsa monong'ona kuti banga lagwera pati. Anayang'ana kumbali, kenako anadzigwira pachifuwa.

Munthu amene anapempha chinthu chimodzi chokha pa dziko lino anapita ndi magazi anga abodza pamtima. Mpunga tinakolola patapita miyezi iwiri, ndipo unabereka kwambiri chaka chimenecho.