Ndinapita ku Wakefield Kukatsanzika Banki

Linali Lachitatu lachiwiri la Novembala, nthawi ili 8:40 m'mawa, pamene ndinatuluka m'nyumba mwathu ku Hull. M'thumba la jekete munali khadi ya banki ndi kalata yolemba pamanja yotsekera akaunti yanga.

Chidwalireni sitiroko mkazi wanga, a Nabanda, ndinasiya ntchito kuti ndiziwasamalira. Boma limandipatsa kangachepe Lolemba lililonse, ndipo ndi komwe timagulira gasi wotenthetsera nyumba. Mwendo wawo sugwirizana ndi kuzizira.

Ndinali nditaganiza zosamukira ku banki ina, yapafupi ndi kwathu. Kumeneko anati zonse zitha Lachinayi la sabata yotsatira, ndipo ndalama zizindilondola zokha. Ndinamva. Koma ine ndinaleredwa kuti pakhomo pomwe anakulandira suchokapo osatsanzika, ndipo chitseko umatseka wekha. Akaunti yakaleyo ndinatsegulira ku Wakefield, nditangofika kumene m'dziko lino, ndikugwira ntchito yonyamula makatoni.

"Bambo a Tadala," anatero a Nabanda ndikumanga nsapato, "anzanu amangodina pa foni. Inu mukatsanzika khoma?"

Ndinawasiya ndi mwana wathu Tadala.

Basi yopita kusiteshoni ndinalipira mapaundi atatu. Sitima ndinadikira ya cha m'ma 10 koloko, nthawi imene matikiti amatsika mtengo: mapaundi 23 kupita ndi kubwera. Tinadutsa pansi pa mlatho wa Humber, madzi ake ngati a m'dambo la kwathu mvula ikagwa. Kenako minda yosalala, yopanda ndi munthu mmodzi yemwe. Amalima nthawi yanji, sindidziwa mpaka lero.

Ku Leeds ndinafika 11 koloko itapitirira. Tiyi wa pasiteshoni ndinangomuwerenga mtengo. Ndinagula chitumbuwa cha nyama chamoto n'kutsitsira ndi tiyi wa m'fulasiki yanga.

Mu sitima ya ku Wakefield ndinaimbira a Nabanda kuti ndatsala pang'ono kukatseka. Nditadula foni, mayi wina wovala yunifomu ya osamalira okalamba anandikodola. Anali wa ku Zambia.

"Ba Malawi, pepani, makutu alibe chitseko. Mukatseka chani?"

Ndinamufotokozera mwachidule.

"Awe! Manje ndalama ya boma ingena liti?"

"Lolemba."

"Ingenera kuti, ngati mwatseka lelo? Ba mudala, zimakulondolani akatseka okha a banki. Mukatseka inu, zibwerera kwa eni ake. Ine salale yanga inazungulira masabata atatu."

"Koma ulemu, mayi."

"Ulemu muika mu mita ya gasi?" Anaseka mpaka anthu kutembenuka.

Anatsalira mu sitima momwemo. Dzina lake sindinafunse. Ndinatsika thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira chotero. Komabe sindinafune kusintha maganizo chifukwa cha mawu a m'sitima. Ndinati ndikamve kwa eni ake.

Ndinakwera kamtunda kopita kutchalitchi chachikulu. Banki inali pomwe ndinaisiya, koma pa mawindo asanu akale othandizirapo anthu panatsala awiri. Pa lachiwiri panali mtsikana wa msinkhu wa Tadala. Kalata sindinapereke. Ndinayamba ndafunsa za ndalama za Lolemba.

Anayang'ana pa kompyuta, n'kundiyang'ana ine.

"Bambo, chonde musatseke. Mukatseka lero, kusamuka kwanu kuima. Ndalama za Lolemba zipeza akaunti palibe, zibwerera. Kuti ziyambenso kubwera, mudikira."

"Ndikasiya?"

"Za Lolemba zilowa muno, muzitenga monga mwa masiku onse. Lachinayi titseka tokha, zotsala zikupezani uko. Koma a boma muwauzebe nambala yatsopano."

"Ndiye ntchito yanga lero ndi yotani?"

"Palibe. Mwachokera kuti?"

"Ku Hull."

Anagwira pakamwa.

Ndinatulutsa kalata ija. Inali ndi ndime ziwiri: yoyamba yothokoza, yachiwiri yotseka. Ndinaipinda pakati, n'kung'amba bwinobwino motsata mzere. Yam'munsi ndinabweza m'thumba. Yam'mwamba ndinamuwerengera nditaimirira: kuti ndinabwera pano ndi jekete limodzi ndi kalata ya abwana, kuti bambo wina wa imvi anandipatsa mpando n'kulemba dzina langa molondola ulendo woyamba womwewo, ndipo kuti ndikupita popanda mangawa.

Bambo uja akuti anapuma pa ntchito kalekale. Mtsikanayo anaitana bwana wake, bwanayo n'kutuluka kudzandigwira chanza. Anati anthu amabwera kudzakalipa, wodzatsanzika sanamuonepo. Kapepala kaja anakamata pakhoma kuseri kwa windo. Gogo wina wachizungu amene anali pamzere anandifunsa ngati ndikusamukira kunja. Ndinati ayi, tsidya la msewu wa kwathu.

Ndinabwerera njira yomweyo. Ku Hull ndinafika 4 koloko, magetsi a mumsewu atayaka kale.

"Khoma layankha?" anafunsa a Nabanda.

"Layankha. Lati gasi wa Lolemba alipo."

Nditawafotokozera zonse anati, "Mukanadina pa foni mukanatseka osafunsa munthu."

Zimenezo n'zoona. Mwambo womwe unatsala pang'ono kutigoneka m'nyumba yozizira ndi womwenso unandiika pamaso pa anthu oti n'kundiletsa. Ndinaphunzira kuti kuno kutsanzika n'kwanga, koma chitseko amatseka eni nyumba.

M'mawa mwake, 8 koloko itangokwana, ndinaimbira ofesi ya boma. Ndinamvera nyimbo zawo mphindi makumi awiri, n'kuwawerengera nambala yatsopano kawiri. Nditamaliza ndinapita pakhoma n'kukweza chotenthetsera nyumba, ndipo a Nabanda anachotsa bulangeti pamwendo.