Madzi a buluu m'mipopi ya ku Bangwe

Ndikukumbukira fungo la m'nyumba mwathu tsiku limenelo: palafini, thukuta ndi nsalu zonyowa. Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Bangwe, kumtunda kwenikweni kumene madzi ankafika mochita kunyengereredwa. Amayi ankanyika nsalu mu utoto n'kumakagulitsa ku Limbe, moti manja awo ankakhala a buluu chaka chonse, ngakhale popita ku Misa.

Madzi akasiya, mpopi wathu unkalira ngati munthu amene akumwa phala lotentha. Anafe tinkaika chala kukamwa kwake kuti utikoke, n'kumafa nazo kuseka. Ndipo monga ankachitira wina aliyense m'deralo, amayi ankasiya mpopi uli chitsegulire, paipi ya labala ili mumgolo, kuti madzi akabwera asatipitirire. Tsiku limenelo paipiyo inali mumgolo wa utoto, amayi akuonjezeramo madzi. Chakumasana madzi anasiya, ndipo titasuzumira tinapeza utoto watsika mpaka pakati. Amayi anangoti mwina mgolo wabooka.

Madzi atabweranso, mipopi ya anzathu a kumunsi inalavula madzi a buluu. Inali nyengo ya kolera, anthu ali kale ndi mantha, ndipo m'dera lonselo munthu wa manja a buluu anali mmodzi yekha.

Posakhalitsa pabwalo pathu panadzaza. Amayi anandikokera m'nyumba, nakhoma chitseko, n'kutsamiritsapo tebulo. Bambo anali kuntchito, foni tinalibe. Nyumbayo inali ya chitseko chimodzi, ndipo zitsulo zimene bambo anaika m'mawindo kuopa akuba ndi zimene zinatitsekera ifeyo. Miyala inayamba kugwa pamalata. Mawu amene ndinkawamva kwambiri anali a amake Tadala, omwe aja ankabwera kudzapempha mchere kwathu. Ankalira kuti mwana wawo wamwa madziwo ndipo akusanza, kuti amayi athira mankhwala dala, kuti ife anthu a ku Nsanje timadziwika ndi ufiti. Wina anatchula za petulo. Mkodzo unandigwira, ndinakodza m'ndowa kuseri kwa bedi ndikulira, ndipo mantha ngati amenewo sindinawamveponso.

Kenako tinamva mawu achilendo akupempha anthu kuti apatuke. Anali a Mpulula, bambo wa ku madzi amene ankayendera mapaipi a dera lathu. Wina anali atakawauza za madzi a buluuwo. Anaima pawindo n'kufunsa amayi kuti mita yathu ili kuti, ngakhale yankho ankalidziwa. Inali m'simenti. Akuba mamita atavuta, bambo anga anaikwirira yonse, n'kungosiya kagalasi kowerengera. A Mpulula anakumbutsa amayi kuti anabwerapo kale kudzaona valavu ya kuseri kwa mitayo, koma bambo anawabweza, ati simenti sangaiswe.

A Mpulula anaiswa ndi nyundo ife tikuonera m'zitsulo. Anamasula valavuyo ndi sipanala, nauza anthu kuti m'kati mwake muli kachitseko kotsegukira mbali imodzi yokha: madzi alowe kwa munthu, koma asabwererenso mupaipi ya tonse. Madzi akasiya, paipi imayamwa, ndiye kachitsekoko kayenera kutseka. Kathu sikankatseka. Sipuling'i yokankha kachitsekoko inali itadyeka ndi dzimbiri, ndipo pakhomo pake panali patakakamira kamwala kochepa ngati njere ya chimanga. Anakaika pachikhatho n'kuonetsa aliyense.

"Pano palibe mfiti," anatero. Kenako anatembenukira kuwindo. "Koma utoto ndi wanu, mayi, ndipo wadutsa pomwepa."

Ine ndinangomva mawu oyambawo, mtima unakhala pansi. Amayi anamva achiwiriwo. Anachotsa tebulo, natsegula chitseko, ine ndikuwakoka chitenje kuti asatuluke. Anadutsa pakati pa anthu aja, ena miyala idakali m'manja, nakagwada pamaso pa amake Tadala n'kufunsa kumene kunali mwana. Anadzuka okha, nakamubereka Tadala kumsana, ulendo wa kuchipatala, amake akutsatira pambuyo. A Mpulula anaika valavu yatsopano, nauza a kumunsi kuti atsegule mipopi mpaka madzi ayere, ndipo anthu anabalalika mmodzimmodzi.

Tadala anachira. Nyumba yathu sinaotchedwe, koma amake Tadala sanabwerenso kudzapempha mchere.

Kunena zoona, ndinawakwiyira amayi kwa zaka zambiri. Kugwadira anthu amene amafuna kutiotcha? Zinkandiwawa zedi. Nditakula ndinawafunsa, iwo akuchapa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Paipi ndi imodzi, mwanawe. Chimene ndathira mumgolo mwanga, amamwa ndi mwana wa mnzanga."

Lero ndimakhala ku Machinjiri, ndipo ndimamvetsa zimene ndinkakana kumva. Anthu aja analakwa potitcha afiti, koma madzi aja anali athu ndithu, ndipo anadutsa pamalo amene tinatseka tokha kuti munthu asaonepo. Akuba mamita alipobe, choncho yanga ili m'kabokosi kachitsulo kokhala ndi loko. Kiyi wake ndimamupachika pamsomali pafupi ndi chitseko, pamene ngakhale mwana wanga wamng'ono amafikira, ndipo onse m'nyumba muno amadziwa kuti a ku madzi akagogoda, sabwezedwa.