Bolodi la Mphezi ndi Nyengo Yootcha Tsabola

Zonse zinayamba m'chaka cha 1997, chisanu chitangotha, mitengo ya mapulamu ili mbuu ndi maluwa. Fakitale ya zipangizo zamagetsi kuno ku Lovech inatsekedwa, ndipo akamwini awiri a mayi Stefka anatuluka pageti tsiku limodzi, aliyense atanyamula kabokosi kake ka zitsulo. Wamkulu anali Tsvetan Gochev, mwamuna wa Nedyalka. Wamng'ono anali Lachezar, amene anakwatira mng'ono wake wa Nedyalka. Ndi Tsvetan amene anaphunzitsa Lachezar kugwira chowotcherera mawaya, ndipo zimenezi sanaziiwale ngakhale tsiku limodzi.

Lolemba pa 14 Epulo chaka chomwecho, Tsvetan anatsegula garaja yake kuseri kwa nyumba zosanjikizana za kumapeto kwa tauni. Patapita miyezi isanu Lachezar anatsegula sitolo ya makoma a magalasi pa msewu waukulu. Ntchito yawo inali imodzi. Masiku amenewo munthu sankagula kompyuta yathunthu. Ankapita kwa mmisiri, mmisiriyo n'kumulumikizira zidutswa m'bokosi. Pa zidutswa zonsezo chachikulu ndi mazabodi, bolodi lija limene zina zonse zimalumikizidwapo. Likakhala lachabe, ndiye kuti zonse zapita.

Tsvetan anali ndi njira yakeyake yodziwira bolodi lokhulupirika. Mwezi wa Sepitembala khomo lililonse limayatsa chushkopek, kambaula kamagetsi kootchera tsabola wofiira wopangira lyutenitsa, ndiwo yophwanya imene timasunga m'mabotolo, ndipo magetsi amangoti phethiphethi, kutsika, kukwera, tsiku lonse. Garaja ya Tsvetan inali kumapeto kwenikweni kwa waya, kumene magetsi ankavuta koposa. Choncho chaka chilichonse ankagula bolodi limodzi la kampani iliyonse imene yafika pamsika, n'kuwayatsa onse pashelefu, pamwamba penipeni pamene Nedyalka ankaotchera tsabola wake, mwezi wathunthu osazimitsa. Lofooka linkadziulula lokha. Makapasita ake, timigolo tating'ono tija tosunga moto, tinkatupa pamutu ngati mtanda wa buledi. Bolodi lakufa ankalikhomera pakhoma ndi msomali, n'kumatapo kapepala ka tsiku limene lafa. Khomalo anthu ankalitcha kumanda.

Munthu akabwera ndi funso lakuti, "A Tsvetan, la kampani yatsopanoyi ndigule?" yankho linali limodzi: "Lisanadye tsabola, sindiyankha." Anthu ankaseka, koma ankadikira. Mawu a Tsvetan pa nkhani ya mabolodi sankatsutsidwa m'tauni monse.

Chimene chinkamudya mtima n'chakuti akafunsa, ankathokoza, n'kupita kukagula kwa Lachezar, kumene kunali mipando yofewa ndi khofi. Lachezar anali ndi pakamwa pokoma. Ankadziwa dzina la galu wa kasitomala aliyense. Pofika 2001 anali atagula galimoto, pamene Tsvetan ankanyamulabe makompyuta pa njinga, atawakulunga m'bulangete.

"Mwaiona galimoto ya mng'ono wanga?" anatero Nedyalka tsiku lina akusenda tsabola.

"Ndaiona. Ndi yanga imeneyo. Matayala onse anayi agulidwa ndi mutu wangawu."

"Mutu wanuwo bwanji sukutigulira ngakhale wilibala? Bambo a Milena, munthu akalowa muno mumamuyang'ana ngati wabwera kudzaba. Kumwetulira salipira msonkho."

"Ukaipa dziwa nyimbo," anatero Tsvetan. "Ine nyimbo yanga ndimaidziwa. Iye amangovina."

Lamulungu la Kanjedza, pa 20 Epulo 2003, linali tsiku la dzina la Tsvetan, poti dzina lake limachokera ku mawu oti duwa ndipo onse a maina a maluwa amakondwerera tsikuli, ndipo pa tsiku lotero alendo saitanidwa, amangobwera. Lachezar anafika mochedwa ndi botolo la rakiya, kachasu wa mapulamu. Mayi Stefka anadzuka okha n'kumukhazika kumutu kwa tebulo, m'nyumba ya Tsvetan, pa tsiku la Tsvetan. Asanamalize tambula yoyamba, Lachezar analengeza kuti laibulale ya m'dera lathu yamupatsa ntchito yoikamo makompyuta khumi ndi awiri. Onse anaomba m'manja. Tsvetan nayenso anali atalemba kalata yopempha ntchito yomweyo, koma sanauze munthu.

Tsvetan atatuluka pakhonde kukasuta, Lachezar anamutsatira n'kutseka chitseko.

"Alamu, tisanamizane," anatero motsitsa mawu. "Ine ndimadziwa kugulitsa, inu mumadziwa mabolodi. Ntchito iyi ndi ya pamaso pa anthu, sindifuna manyazi. Ndili ndi awiri m'maganizo: la bokosi lotuwa lija, ndi latsopanoli la chithunzi cha mphezi. Nditenge liti?"

Tsvetan ankalidziwa bwino la Mphezi. Bokosi lake linali lonyezimira, bolodilo lofiira ngati chovala cha ukwati wa kumudzi, koma chikomekome cha mkuyu. Linafa pa 19 Sepitembala 2002, litangodya tsabola masiku khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo nthawi imeneyo linali litapachikidwa kumanda, mzere wachitatu. Lachezar sankadziwa, poti nsapato zake zinali zisanaponde m'garaja muja zaka zinayi. Kudzera pagalasi, Tsvetan anaona apongozi ake akusungira Lachezar nthuli yabwino ya nsomba.

"Tengani la Mphezi," anatero.

"Zoona? Ladya tsabola?"

"Ladya, mpaka kunyambita mbale."

Lachezar anamukumbatira. M'mawa mwake Tsvetan anazula bolodilo pakhoma n'kulibisa m'chipinda chapansi, kuseri kwa mabotolo a masamba oviikidwa mu mchere. Pakhoma panatsala msomali ndi kachigamba koyera. Mumtima mwake ankati: lifike tsiku anthu adziwe amene ali mmisiri ndi amene ali wogulitsa khofi.

Chipinda cha makompyuta chinatsegulidwa Loweruka pa 24 Meyi, pa chikondwerero cha zilembo. Tsvetan anaima kumbuyo, pafupi ndi khomo. Lachezar analankhula bwino monga mwa masiku onse, kenaka analoza kumbuyoko.

"Ine ndangomanga masikuluwu," anatero. "Mtima wa makina amenewa wasankhidwa ndi alamu angawo, amene akubisala ngati mkwatibwi. Bwerani kuno, alamu, anthu akuoneni!"

Anamukokera kutsogolo. Pa kompyuta iliyonse panali kapepala kosindikizidwa bwino: Bolodi losankhidwa ndi Ts. Gochev. Anthu ankamugwira chanza, mayi Stefka anamupsompsona patsaya koyamba chikwatirire, iye thukuta lili kamukamu. Dzenje limene anakumba linali ndi dzina lake pamwamba, ndipo Sepitembala anali patsogolopa.

Mu Ogasiti laibulale imatseka milungu iwiri. Tsvetan anapempha kiyi, akuti akufuna kupukuta fumbi m'makinamo. Kuyambira Lolemba pa 11 mpaka Lachisanu pa 22 anakhala yekha m'chipindamo, mazenera otseka, dzuwa likuswa mtengo. Bolodi lililonse linali ndi timigolo khumi tokayikitsa. Anatizula tonse kamodzikamodzi, n'kuwotchereramo tabwino timene anaitanitsa ku Sofia. Zala zinapsa, maso anafiira, koma ntchito inali yoyera, moti mmisiri mnzake sakanazindikira kuti padutsa dzanja.

Sepitembala anabwera, tauni yonse inanunkhira tsabola wopserera, magetsi anavina monga mwa chizolowezi, ndipo makompyuta khumi ndi awiri aja sanatsokomole n'komwe. Nyuzipepala ya m'tauni inajambula Lachezar ataima pakati pawo. Tsvetan anaiona nyuzipepalayo atamukulungiramo nsomba kumsika, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Choipa kwambiri chinali chisanafike. Poona kuti la Mphezi lapirira, Lachezar anasiya mabolodi ena onse. Aliyense wofuna kompyuta ankamuikira la Mphezi, n'kumatapo kapepala kaja. Pa chakudya cha Khirisimasi Tsvetan anayesa kulankhula.

"Alamu, la Mphezi lija musachulukitse. Makampani amasintha."

"Imvani, imvani!" Lachezar anamenya tebulo uku akuseka. "Munthu wandipatsa nkhuku, yayamba kuikira, tsopano akuti nkhukuyo ndi yodwala. Nsanje, alamu! Idzakuphani musanaone zidzukulu."

Onse anaseka, ngakhale Nedyalka. Tsvetan akanafuna kuti amukhulupirire, akanayenera kunena zonse, ndipo zonsezo zinali zolemera kuposa lilime lake. Anangomeza rakiya.

Loweruka pa 18 Sepitembala 2004 ndi tsiku limene makomo onse anaotcha tsabola nthawi imodzi. Pofika Lachiwiri, makompyuta a m'nyumba za anthu anali kufa ngati nkhuku za chitopa. Eni ake sanapite ku sitolo ya magalasi. Anawerenga dzina la pa kapepala n'kulunjika ku garaja. Woyamba kufika anali mayi Velichka, namwino wopuma pa ntchito, amene anagula kompyuta kuti azilemberana ndi mwana wawo wa ku Chicago. Anaikankha pa ngolo ya mwana.

"A Tsvetan, ine makinawa sindiwadziwa. Ndinagula dzina lanu. Paja mumati chinthu chisanadye tsabola simuyankha. Nanga ichi chinadya chiyani, kabichi?"

Tsvetan anatsegula bokosilo ngakhale ankadziwa chimene akapezemo. Timigolo tonse tinali totupa, kena katatuluka dzimbiri.

"Mwina ndi gulu loipa chabe, mayi," anatero osawayang'ana.

"Nanga za ku laibulale bwanji sizikufa? Kapena za ife amphawi mumasankha ndi diso lina?"

Mlungu womwewo Nedyalka anatsika m'chipinda chapansi kukatenga mabotolo opanda kanthu. Anakwera ndi bolodi lofiira m'manja, kapepala kake kakadali pomwepo. Anawerenga tsikulo mokweza, pang'onopang'ono, ngati ali m'khoti.

"Pa 19 Sepitembala 2002. Ndiye kuti pamene munkamusankhira pa khonde paja munkadziwa."

Analiika bolodilo pamaso pa Tsvetan n'kupitiriza.

"Mwamuna wa mng'ono wanga anakufunsani ngati m'bale. Lamulungu tikupita kwa amayi kukaphika lyutenitsa. Mukanena nokha, kapena ndikanene ine?"

Lamulungulo, pa 26, banja lonse linali pabwalo la mayi Stefka, mphika waukulu uli pamoto, akamwini awiri akusinthana mthiko monga chaka chilichonse. Itafika nthawi yopereka mthiko kwa Lachezar, Tsvetan sanausiye. Ananena zonse akuyang'ana mumphika: za pakhonde, za msomali, za milungu iwiri ya Ogasiti. Mayi Stefka anakhala pansi pa chidebe. Tsvetan anadikira chibakera, ndipo kunena zoona ankachilakalaka. Chibakera chikanawalinganiza.

Koma mapewa a Lachezar anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Dikirani, alamu, ndimvetse. Munanditchera msampha, kenaka munakhala milungu iwiri mu ng'anjo ija kuumasula, kuti ine ndijambulidwe mu nyuzipepala? Mfiti yotereyi sindinaione! Bweretsani mthikowo, mukupsereza chakudya cha amayi."

Mawa lake anapachika chikalata pagalasi la sitolo yake, chonena kuti aliyense wa bolodi la Mphezi abwere nalo likonzedwe ulere, ndipo kwa ofunsa ankangoti, "Alamu anga anaphonya kamodzi, ndani saphonya?" Koma za pabwalo sizikhala pabwalo. Pasanathe mlungu tauni yonse inali itamva, ndipo anthu ankati, "Lachezar yekha, mtima wake ndi wa golide." Ichi ndicho Tsvetan sanathe kuchimeza. Galimoto anaipirira, sitolo anaipirira, koma tsopano munthuyo anali atamuposa ngakhale pa kukhululuka.

Chisanu chonsecho mabolodi ankabwera ku garaja m'galimoto ya Lachezar, Tsvetan n'kumasintha timigolo. Palibe limene linabwereranso. Kompyuta ya mayi Velichka Tsvetan anaiperekeza yekha pa njinga. Mayiwo anaiyatsa, anaona kuti ikugwira, anathokoza, koma khofi sanamupatse.

Pa 1 Sepitembala 2005 anayatsanso mabolodi asanu atsopano pashelefu, pamwamba pa chushkopek ya Nedyalka. Awiri anafa, atatu anapirira. Anakhomera akufawo kumanda, analemba masiku ake, n'kukhala pampando pakhomo la garaja kudikira wofunsa. Anthu ankadutsa ndi matumba a tsabola, ankapereka moni, n'kupitirira. Mwezi unatha, wina unalowa. Yankho anali nalo, lolondola ngati kale, koma panalibe wolifuna.

Mwana wawo Milena, amene ankakhala ku Valencia, anali atalemba kawiri kuti kumeneko kukufunika munthu wokonza mapampu a m'minda ya malalanje. Kalata yachitatu Tsvetan anaiyankha yekha, kuti iye ndi Nedyalka akubwera. Anazula mabolodi onse pakhoma kupatula limodzi: lofiira lija analibwezera pa msomali wake, mzere wachitatu, n'kutseka garaja.

Amene anawaperekeza kokwerera basi anali Lachezar, poti masutikesi anayi sakwera njinga. Tsvetan anakhala kutsogolo, koyamba m'galimoto imeneyo, akusisita mpando ndi chala.

"Chikopa chenicheni?" anafunsa.

"Chenicheni, alamu."

"Hm. Chimang'aluka pakapita zaka."

Basi inanyamuka 10 koloko m'mawa. Linali Lolemba, pa 7 Novembala 2005.