Chitsulo Chochirikizira Chitseko

M'chaka changa chachiwiri pantchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ejensi imene inandilemba ntchito inandipatsa agogo ena achizungu a zaka zopitirira nainte. Ankakhala okha m'nyumba yakalekale yosanjikizana katatu, ya njerwa zofiira, pafupi ndi ngalande ya madzi imene imadutsa kummwera kwa tauni ya Dublin. Ndinkanyamuka ku Clondalkin, kumene ndinkakhala, ndi basi ya seveni koloko. Ntchito yanga inali kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala ndi kuwaphikira phala. Anali munthu wofatsa, kungoti mutu unali utayamba kuiwala. Tsiku lina ankandizindikira, tsiku lina ankandiyesa wantchito amene ankawachapira ali mtsikana.

Chitseko cha kukhitchini chinali cholemera ndipo chinkabwerera chokha. Kuti ndidutse nawo pa njinga yawo ya olumala, ndinkachichirikiza ndi chitsulo china chimene ndinachipeza chili pomwepo pansi. Chinali chakuda, chotalika ngati kuyambira pachigongono kufika kuzala, ndipo chinali ndi timphete tiwiri topindika tomwe tinkayenda uku ndi uku. Ndinkaganiza kuti chinachoka pa geti yakale kapena pa ngolo. M'mawa uliwonse ndinkachikankha ndi phazi, ndikamakolopa ndinkachisendezera kukona ndi mopu. Miyezi seveni ndinachita zimenezo.

Dzinja litatha, mwana wa agogowo anabwera kuchokera kunja kumene ankakhala. Anali bambo wa imvi, waulemu pakamwa, wokonda kuseka mawu asanathe. Anati mayi ake apita kunyumba yosungira okalamba ku Crumlin, nyumba igulitsidwa ndi katundu yense. Lachitatu lina masana anabwera ndi mayi wina amene ntchito yake ndi kuona zinthu zamakedzana zisanapite kumsika wa okishoni. Anayendera mawotchi, zithunzi, makapu asiliva. Ine ndinali kukhitchini kuwamwetsa agogo tiyi.

Mayi uja atafika pakhomo la khitchini anaima. Anagwada, n'kuvala magulovu oyera, n'kunyamula chitsulo chija ndi manja awiri ngati khanda. Chitseko chinadzitseka kumbuyo kwake.

"Mukudziwa chimene muli nachochi?" mayiyo anamufunsa bambo uja, maso ali gwa pachitsulo. "Izi ndi zomangira miyendo za m'sitima za akapolo. Zenizeni sizipezekapezeka. Ogula adzalimbirana."

Bamboyo anaseka. Anati akudziwa, bambo ake ankamuuza. Makolo awo akale ankayenga shuga mumzinda muno, shuga wochokera kuzilumba za kutsidya kwa nyanja yaikulu. Ankatumizanso kumeneko nyama ya ng'ombe yamchere ndi batala m'migolo. Chitsulocho anapatsidwa ndi kaputeni wina wa sitima amene anali mnzawo wapabanja. Kenako anatembenukira kwa ine ngati wangokumbukira kuti ndili m'chipindamo.

"Koma banja lathu silinagulitsepo munthu ayi. Ife tinkangogulitsa nyama."

Supuni inali m'manja mwanga, tiyi akudontha pa thewera la agogo la pakhosi.

Mayi uja anayendetsa timphete tija ndi chala. Anati timeneti n'tating'ono kwambiri, sitingakwane mwendo wa munthu wamkulu, mwina tinali ta ana. Ananena zimenezo ndi mawu amene munthu amanenera kuti diresi ili ndi saizi teni. Anatulutsa foni kuti ajambule, n'kunena kuti akufuna chinthu choika pambali kuti ogula aone kukula kwake. Bamboyo anayang'anayang'ana patebulo, kenako anayang'ana ine.

"Inu muli ndi mkono wowonda. Tangolowetsani dzanja umu pang'ono, nkhope siioneka."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino Chingerezi. Ndinamufunsa kuti abwereze. Anabwereza, akumwetulira, atanditambasulira chitsulocho.

"Ayi," ndinatero.

"Ndi sekondi imodzi yokha."

"Ndati ayi. Lowetsani lanu."

Mayi uja anafiira nkhope n'kuyamba kufufuza rula m'chikwama. Pamenepo agogo anadzutsa mutu, anaona chitsulocho, nkhope yawo n'kuwala ngati aona m'bale.

"Eee, chathu chija! Tinkasewera nacho ine ndi mlongo wanga pa masitepe. Iye ankakhala kaputeni, ine ndinkakhala wakuda. Ankandimanga miyendo, ine n'kumalira mwadala, amayi n'kumaseka."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinawapukuta pakamwa chifukwa ndiyo inali ntchito yanga. Kenako ndinapita kubafa, n'kutseka, n'kusanza phala lonse limene ndinadya m'mawa. Ndinasamba m'manja ndi sopo katatu. Nditayang'ana pansi ndinaona nsapato yanga yakumanja, yomwe ndinkakankhira chitsulo chija, ili ndi kamzere ka dzimbiri kunsonga. Ndinaipukuta ndi tishu mpaka tishuyo ananyenyeka.

Chimene chinkandinyansa sindinkatha kuchiloza bwinobwino. Chinali bambo uja ndi kumwetulira kwake. Chinali mayi uja ndi magulovu ake, amene anawavala kuopa kuwononga chitsulo. Chinalinso ine ndemwe, miyezi seveni ndikumenya theche chinthu chimene chinadya khungu la mwana wa munthu.

Ndinamaliza shifiti, n'kukwera basi ya faifi koloko. Kunyumba ndinkakhala ndi mtsikana wina wa ku Zomba amene anabwera pa sikolashipu kudzachita digiri ya masitazi ya mbiri yakale. Anandipeza nditakhala patebulo jekete ili m'thupi.

"Achemwali, kwagwanji? Agogo anu aja atisiya?"

Ndinamufotokozera zonse. Anakhala pansi.

"Akuti ankangogulitsa nyama?" anatero. "Mukudziwa amene ankadya nyamayo? Yabwino inkapita kwa eni minda ndi amalinyero. Yotsalira, ya mafupa ndi mitsempha, yoyamba kununkha mumgolo, ndiyo ankapatsa akapolo kuti asafe msanga nzimbe zisanadulidwe. Sitima imanyamuka kuno ndi migolo ya nyama, imabwerako ndi shuga. Pakati pakepo pali anthu, achemwali. Munthu sangati sanagulitse munthu pamene nyumba yake yamangidwa ndi shuga ameneyo."

Ndinamuuza kuti kusukulu ife tinaphunzira zina. Tinaphunzira kuti ukapolo unali wa Aluya ndi mafumu adyera akwathu, azungu anabwera kudzauthetsa. Ndinaloweza zimenezo, ndinakhoza nazo mayeso.

"Sanakunamizeni, anangokuuzani theka," anayankha. Anati sitima za azungu zinkaimanso kugombe la Mozambique, ndipo ena mwa amene ankakwezedwamo anali oyenda pansi kuchokera kudera lakwathu, olankhula chinenero chimene ife tingamve. Ankawagoneka pansi pa sitima mothithikana, awiriawiri pachitsulo chimodzi, wina akamwalira mnzake amakhala naye chomangidwa mpaka wina abwere ndi kiyi. Ndinamuuza kuti asiyire pomwepo. Usiku umenewo sindinadye.

M'mawa mwake ndinaimbira manijala wa ejensi. Anamvetsera, n'kupepesa kwambiri, kenako n'kunena kuti akukhulupirira kuti bamboyo analibe cholinga choipa, anthu a msinkhu umenewo saganiza asanalankhule. Anati ngati ndikufuna andisinthira nyumba ina ku Blanchardstown. Ndinaganiza. Kunali kutatsala milungu iwiri kuti agogo asamuke, ndipo ankaopa kusambitsidwa ndi munthu wachilendo. Wina akabwera ine ndili pa ofu agogowo ankakuwa, kugwira chitsulo cha bedi osasiya. Ndinati ndimaliza milungu iwiriyo.

Sinali milungu yabwino. Ndinkawasambitsa monga kale, madzi ofunda bwino, kuwapaka mafuta kumsana, koma ndikafika kumiyendo yawo yoonda, pa akakolo, ndinkakumbukira timphete tija. Ndinkadziuza kuti anali mwana, sankadziwa. Koma anakula m'nyumba imeneyo, anakwatiwa, anabereka, anakalamba, chitsulocho chili pansi pa khitchini, ndipo palibe tsiku limene wina anachita nacho manyazi n'kuchichotsa.

Bambo uja ankandizemba. Ndikalowa kukhitchini iye ankakwera m'mwamba. Lachisanu lomaliza ndinapeza bokosi la chokoleti patebulo, ndi kakhadi kolembedwa kuti akupepesa ngati ndinakhumudwa. Mawu akuti ngati aja ndinawawerenga kangapo. Bokosilo ndinalisiya pomwepo, osatsegula, kakhadi ndinakaika pamwamba pake chozondoka.

Lolemba ndinawaperekeza agogo ku Crumlin pa takisi. Ndinawakonzera zovala m'kabati, ndinafotokozera namwino kuti amakonda madzi otani ndiponso kuti mankhwala amameza ndi jamu. Ndikunyamuka, agogo anandigwira dzanja.

"Ubwera mawa, eti?"

"Ayi agogo, mawa akusambitsani anthu ena. Ndi abwino."

Anayamba kulira. Ndinawapukuta misozi, n'kumasula zala zawo chimodzichimodzi, n'kutuluka.

Patapita mwezi, mnzanga wa ku Zomba uja anandionetsa pa laputopu yake tsamba la okishoni. Chitsulo chija chinalipo, atachipukuta mpaka kunyezimira, atachigoneka pansalu yofiira, rula ili pambali. Anachiika pakati pa wotchi ya pakhoma ndi mbale zasiliva zoikamo shuga. Pansi pake analemba kuti n'chosungidwa bwino, chochokera ku banja lolemekezeka la mumzinda, ndipo chagulidwa kale. Mnzangayo analembera a okishoniwo kalata yaitali yofunsa chifukwa chake sanachipereke kunyumba yosungira zinthu zakale kuti anthu aziphunzirapo. Anamuyankha ndi mizere iwiri, kuti malamulo salola kuulula wogula ndipo akuthokoza chifukwa cha chidwi chake.