Amalume Anagwira Mawaya, Ine Ndinatseka Pakamwa

Sabata ino musayembekezere nthabwala kwa ine. Ndakwiya, ndipo ndikulemba zala zanga zili ndi matuza a moto.

Amene mumakhala pa Kasungu boma mukuidziwa pikapu yanga yobiriwira ija, imene a kabaza amaiimbira mabelu ikamadutsa. Kwa ena nonse, ndi galimoto imene anasiya malemu bambo anga. Anaigula ine ndisanayambe sukulu, ndipo ankanyamulira mabelo a fodya. Injini yake yoyamba inafa kalekale. Makaniko wanga, a Chirwa, anaikamo ina yochokera m'galimoto ya masiku ano. Injini yatsopanoyo siyenda popanda pampu ya magetsi yokoka petulo m'thanki, ndiye a Chirwa anayala mawaya atsopano, kuika bokosi la mafiyuzi, waya uliwonse n'kuumata kapepala kolembapo ntchito yake. Zinatitengera chaka chathunthu.

Galimoto yotere ilibe buku. Amene amadziwa za m'boneti mwake ndi anthu awiri basi, a Chirwa ndi ine. Musaiwale zimenezi.

Lachiwiri m'mawa ndinapita kumudzi kwathu ku Chulu kukatenga amayi. Amayi ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Papita nthawi asakuona nkhope ya munthu. Adzukulu awo amawazindikira ndi mawu. Sabata imeneyo kunabwera madokotala a maso kuchipatala cha pa boma, ndipo amayi anali atalembedwa kuti akachitidwe opaleshoni. Anatiuza chinthu chimodzi: akafike teni koloko isanakwane.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anati atiperekeza. Ndani akanawakaniza? Ndiwo mwinimbumba wathu. Nkhani ya ukwati, ya maliro, ya munda, imathera pakamwa pawo. Anakhala kutsogolo, amayi pakati, ine pachiwongolero. Tinanyamuka nthawi yabwino.

Titafika pafupi ndi esiteti ina, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Sindinadandaule kwambiri. Nthawi inali isanakwane hafu eyiti, ndipo a Chirwa anandiphunzitsa kuti galimoto ikazima usamathamangire sipanala, yamba wamvetsera. Ndinapotokola kiyi. Masiku onse pampu ija imalira kaye pang'ono kumbuyo, kuti nziii, injini isanalire. Tsiku limenelo kunali zii.

Ndinatsegula boneti, n'kutsegula bokosi la mafiyuzi. Fiyuzi ya pampu inali itapsa, yakuda bii. Ndinaika yapadera. Nditangoyesa kuliza, nayonso inapsa.

Ndinaimbira a Chirwa.

“Musaikenso ina,” anatero. “Fiyuzi ikapsa kawiri, sikuti ndi yoipa ayi. Ikukuuzani kuti pali waya wasupuka, ukukhudza chitsulo. Tengani waya wofiira uja, muutsate ndi chala kuchokera pabokosi kumka kuthanki. Pang'onopang'ono, musadumphe paliponse. Tepi muli naye?”

Tepi ndinali naye. Ndinayamba kutsata waya uja ndi chala.

Koma inu mukudziwa chimene chimachitika kuno boneti ikatseguka. Siichedwa kuitana msonkhano. Matenanti amene ankasankha fodya m'chigafa chapafupi anatuluka mmodzimmodzi, manja ali nomatanomata. Woyenda panjinga anatsika. Kapitawo wa esitetiyo anabwera manja ali kumbuyo, ngati wabwera kudzayendera nazale.

“Ndi mapulagi amenewo, bwana.”

“Ayi, batire yafooka. Tiikankhe.”

“Kabureta yatseka,” anatero kapitawo uja. “Ingoichotsani muiuzire ndi pakamwa.”

Injini imeneyi ilibe kabureta. Ndinamuuza. Iye anayang'ana anzake n'kupukusa mutu, kumvera chisoni ine wosadziwa galimoto yanga yomwe.

Onsewa ndikanatha kuwapirira. Ndinkangoti “zikomo, zikomo,” chala chili pa waya. Kenako chitseko cha galimoto chinatseguka, amalume n'kutsika.

“Tapatuka, mphwanga.”

Amalume anayendetsa thirakitala pa esiteti zaka zambiri, ndipo satopa kutikumbutsa. Anasuzumira m'bokosi muja, n'kutola fiyuzi yopsa ija, kuiyang'ana n'kuiponya m'tchire.

“Kanthu aka ndi kamene katikhazika pano? Wa njinga, tabweretsa kawaya kamene wamangira dengu lakolo.”

“Amalume,” ndinatero, “a Chirwa akuti pali waya wasupuka. Ndatsala pang'ono kuupeza. Tikalumikiza popanda fiyuzi...”

“A Chirwa akowo anabadwa liti? Ine ndinkachita zimenezi pathirakitala iwe ukukodzera pamphasa. Tinkaika msomali, n'kulima mpaka dzuwa kulowa.”

Anthu aja anaseka.

“Kapena ukufuna mlongo wangayu afe wakhungu chifukwa cha kapulasitiki?”

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa pano ndi pamene pali mkwiyo wanga wonse. Ine ndine munthu wa imvi. Ndili ndi adzukulu. Galimoto ndi yanga, kiyi anali m'thumba mwanga, ndipo ndinkadziwa bwinobwino chimene chichitike. Thirakitala ya amalume inali ndi mawaya angati? Yanga ili ndi mtolo wonse, ndipo pafupi ndi mtolowo pamadutsa paipi ya petulo. Zonsezi ndinkazidziwa.

Ndinachotsa chala pa waya uja. Ndinapatuka.

Amalume anapinda kawaya ka dengu kaja n'kukalowetsa pamalo a fiyuzi. Anandiuza kuti ndilize. Ndinaliza, injini n'kulira. Anthu anaomba m'manja, wina mpaka mluzu. Kapitawo anagwira amalume chanza ndi manja awiri. “Akuluakulu ndi akuluakulu,” anatero. Ine ndinatseka boneti n'kumadzinamiza kuti mwina tikafika.

Sitinapite patali. Amene anayamba kumva fungo anali amayi.

“Chikupsa n'chiyani?”

Utsi unayamba kutulukira pansi pa chiwongolero, kenako m'mbali mwa boneti. Ndinaimika galimoto, kukoka amayi kuwatulutsira kuchitseko changa, n'kukawakhazika patali. Boneti inali yotentha, koma ndinaitsegula ndi manja omwewa. Mawaya a a Chirwa aja, ndi timapepala tawo tolembedwa bwino tija, ankayaka n'kumadontha. Ndinamenya waya wa batire ndi sipanala mpaka unachoka. Azimayi awiri amene ankachokera kumjigo anatula zidebe n'kuyamba kundithandiza kuthira mchenga. Moto unazima usanafike papaipi ya petulo, ndipo pa chimenecho ndikuthokoza Mulungu.

Mukudziwa chimene ananena amalume, ataima potero akukupiza utsi ndi chipewa?

“Magalimoto osakanizasakaniza awa ndi choncho. Ndinkadziwa ine.”

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Chabwino. Nanga akakhala kuti motowo ayatsa ndi iwowo, tithawire dambo liti?

Njinga yamoto inapezeka mochedwa. Kukweza mayi wokalamba, wosaona, pa njinga yamoto mumsewu wa mabampu si masewera. Ndinakhala kumbuyo kwawo nditawagwira, woyendetsa akuyenda ngati wanyamula mazira. Tinafika kuchipatala wani koloko itadutsa. Madokotala anali atatenga kale anthu onse amene akanatha kuwathandiza tsikulo, ndipo m'mawa mwake ankapita ku boma lina. Sindikuwadzudzula. Anatiuza nthawi, ife ndi amene sitinaisunge.

Lachitatu a Chirwa anakakoka galimoto. Pagalaja sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Anangotenga waya wofiira wopsa uja n'kuutsata ndi chala, monga anandiuzira. Pamene waya umaboola chitsulo chimene chili kumbuyo kwa injini, pamakhala kalabala kozungulira koteteza kuti usakhulike. Kalabala kaja kanali katagwa ndi mabampu, chitsulo n'kudya waya.

“Munalekezera pati?” anandifunsa.

Ndinawaonetsa. Kuchokera pamene chala changa chinalekezera kufika pamene panasupuka panali chikhato chimodzi.

“Tepi,” anatero a Chirwa. “Mphindi zisanu.” Anapukuta manja n'kulowa mkati.

Tsono ndikufunseni, abale anga. Tinayamba liti kudana ndi chinthu chilichonse chimene chimatichenjeza?

Pitani pagalaja iliyonse ya pansi pa mtengo. Injini ikamatentha, safunsa kuti chikuitenthetsa n'chiyani. Amachotsa kachipangizo kamene kamayang'anira kutentha kwa madzi n'kukaponya uko, ati ndi ka kumayiko ozizira. Kwerani minibasi, muyang'ane kutsogolo kwa dalaivala. Nyali yofiira ikayaka amaimata ndi tepi, kapena kuikapo chithunzi cha mwana. Kunyumba magetsi akamazimazima, timaitana uja amati amadziwa, adzalumikize mwachindunji. Kenako nyumba ikapsa, timati ndi anthu a nsanje.

Fiyuzi ntchito yake ndi kupsa. Imapsa kuti galimoto isapse. Koma ife tikaiona yapsa timaitenga ngati ndiyo yalakwa, chifukwa ndiyo yaimitsa ulendo.

Ndiye pali khamu lija la paboneti. Sindikukana, anthu athu ndi achifundo, ndipo amene anazimitsa moto wanga ndi anthu odutsa. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma kodi denga limasenzedwa aliyense akukokera kwake? Bwanji munthu amene sanagwirepo chiwongolero sachita manyazi kunena kuti ndi mapulagi? Mawu oti “sindikudziwa” anatilakwira chiyani? Pagulu lonse lija, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti, “Eni ake mwapeza chiyani?” Aliyense anabwera ndi yankho lake kuchokera kunyumba.

Komabe ndisakunamizeni. Kapitawo sanawotche galimoto yanga. Ngakhale amalume, ndikaganiza bwino, anachita chimene akhala akuchita moyo wawo wonse, ndipo ankafunadi kuti mlongo wawo afike msanga. Munthu amene ndamukwiyira kwambiri ndi amene anapatuka uja.

Timautcha ulemu. Wamkulu akalankhula pagulu sumutsutsa. Umayang'ana pansi, n'kumadikira kuti mwina aona yekha. Ndaziona pamsonkhano wa kalabu ya alimi, mlangizi wachinyamata akuyang'ana nsapato zake pamene mkulu wina akuuza anthu kuti mankhwala a fodya ukathira kawiri mlingo wake amagwira bwino. Ndaziona pamaliro, anthu ophunzira ali duu pamene mayi wamasiye akuuzidwa zinthu zimene aliyense akudziwa kuti n'zolakwika. Tikatuluka panja timayamba kung'ung'udza. Pamene mawu athu akanathandiza, tinali pakamwa tseke.

Ndipo musandiuze kuti mawu a akulu akoma akagonera. Ena amakomadi. A amalume agonera masiku anayi tsopano, ndipo akununkhabe pulasitiki wopsa.

Kodi ndikanataya chiyani ndikanati, “Amalume, pepani, pa ukwati ndi pa munda ndimamvera inu, koma m'boneti muno ayi”? Akanakwiya, inde. Mwina akanakhala mwezi osandiyankha moni, n'kumauza abale kuti sukulu inandiwononga. Anthu a pamsewu aja akanati mwana wopanda mwambo. Anthu oti sindidziwa ndi maina awo omwe! Ndinaopa kuchita manyazi pamaso pawo kwa mphindi zisanu.

A Chirwa akuti mawaya adzayalanso, galimoto idzayenda. Zimenezo sizikunditonthoza.

Dzulo ndinapita ku Chulu paminibasi, kwina n'kumalizira pa kabaza. Ndinapeza amayi atakhala pakhonde, akusenda mtedza pongoupapasa. Ndinkayembekezera kuti andiuza zoti ndisawasungire mkwiyo amalume. Sanayambire pamenepo.

“Zala zili bwanji?”

“Zikupola, amayi.”

Anasenda mtedza wina, makoko n'kuponya pambali pa lichero, poganiza kuti aponya pansi.

“Ndinamva zimene ankakuuza makaniko pafoni,” anatero. “Makutuwa ndiye akugwirabe. Iwe unkadziwa kuti ipsa?”

“Ndinkadziwa.”

“Ndiye unakhaliranji chete?”

“Ndi amalume, amayi. Pagulu paja...”

“Achimwene ndi mwinimbumba, eya,” anatero. “Koma maso amene tinkathamangira aja sanali awo. Sanalinso ako.”

Amayi anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mpweya wanga, n'kuphonya pang'ono, kuyang'ana mzati wa khonde.

“Madokotala aja abweranso liti?”

Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa.