Mitanda ya pa Ulalo Umene Unatidyera Bulaki

Ndikukumbukira fungo la ndowe ndi matope pa ulalo wa mitengo kwathu ku Bundabunda. Munda wathu unali kutsidya, choncho ng'ombe zathu ziwiri, Bulaki ndi Jamani, zinkawolokera pomwepo. M'mbali munali mitanda yotchinga, koma anaikhomera kunja kwa nsanamira kuti ngolo yodzaza izidutsa osakhula.

Tsiku lina tikuchokera kolima, titazimasula pagoli, zinakankhana pakati pa ulalo. Bulaki anatsamira mtanda ndi thupi lonse, misomali n'kungozuka ngati udzu wa m'dambo. Anagwera pamiyala, mwendo phwa. Mudzi wonse unadya nyama. Ine ndinakana ndi msuzi womwe.

Amuna atabwera kudzakonza, ndinaona a Tembo, aneba athu, akukhomeranso kunja komweko. Mtima unandipsa. Ndinawatsomphola hamala n'kuiponya m'madzi. Atate anandithira chikwapu cha ng'ombe anthu akuona, n'kunditsitsa kuti ndikaivuule. Ndinatuluka nayo ndili chiii, koma pakamwa sindinatseke.

"Mukaikanso kunja, Jamani sapitapo. Nizagona pamene pano."

"Ndiye konza wekha, bamisili," anatero atate, amuna aja n'kumwazikana akuseka.

Tinatsala ine ndi mlongo wanga wamkulu, Tisa. Tinadula mibanga, mitengo yolimba yopinda misomali, mpaka manja anatuluka matuza. Mitanda tinaibweretsa mkati, kuti ng'ombe ikakankha, mtanda uzikanikiza nsanamira, osati kukoka msomali. Nsanamirazo tinazichirikiza ndi mphanda kunja. Sukulu ndinajomba sabata imeneyo, ndipo kunena zoona ine ndi sukulu tinali titayamba kale kudana. A Tembo ankadutsa n'kumadandaula kuti ngolo yawo idzakhula. Ndinati ndiwayankhe, koma Tisa anandiponda phazi.

Tsiku lowolotsa Jamani, anaima pakati penipeni, n'kuyamba kudzikanda nthiti pamtanda, thupi lonse atalitsamiritsa. Mtanda unalira, unapindika pang'ono, n'kubwerera. Jamani anakanda mpaka kukhutira. Atate anangondipatsa chikwapu chija kuti Jamani ndizimuyendetsa ndine.

Lero pali ulalo wa simenti wa zitsulo m'mbali, ndipo ana amawoloka maso ali pafoni. Ine mpaka pano, ulalo uliwonse, ndimayamba ndakankha chotchingacho ndi chiuno. Ena amati ndaledzera. Anene, iwo anadya nawo Bulaki.