Baji ya Bambo Awo a Orval

A Orval Stutzman, amene anapuma ntchito yogawa makalata m'tauni yathu ino ya ku Ohio, anali ndi nthenda imodzi: kusonkhanitsa mabaji a kampeni, aja ovala pachifuwa okhala ndi nkhope za opikisana pachisankho. Opambana, oluza, ngakhale aja amene akazi awo omwe sanawavotere, onse anali m'mabokosi agalasi patebulo lodyera, moti akazi awo a Marlys ankadyera pamiyendo.

Koma pa mabaji onsewo, imodzi yokha ndiyo inali mtima wawo. Inali ndi nkhope ziwiri: ya munthu wina amene ankafuna upulezidenti, ndi ya bambo awo a Orval, amene chaka chimenecho anaimira ukhansala n'kugwa chagada. Bambowo anamwalira a Orval asanayambe sukulu, ndipo chithunzi china sanasiye ayi.

Tsiku la chisankho likafika, a Orval ankavala bajiyo popita kukavota. Ulendo uno pakhomo anapezapo mayi Lenhart, woyang'anira malo ovotera watsopano.

"Bambo, za ndale muno ayi. Vulani."

"Mayi, anthu awiriwa anafa kalekale. Akopa voti ya ndani?"

"Lamulo silisankha amoyo kapena akufa. Vulani."

Anavula, n'kuiponya m'thumba la malaya. Atavota anapita kukamwa khofi ndi anzawo, anakangana za misonkho mpaka thovu kukamwa, za baji n'kuiwaliratu. M'mawa mwake a Marlys anachapa malayawo m'makina.

Baji inatuluka ili phuliphuli ngati palibe chachitika, a Orval mtima pansi. Koma mnzawo a Dewey Pruitt, amene mabaji amawadziwa kuposa ana awo, ataiyang'ana pakagalasi kokuza anangopukusa mutu.

"Achimwene, madzi alowa pansi pa pulasitikiyi. Chitsulo chamkatimo chichita dzimbiri, dzimbirilo lidya pepala."

"Ndiye tiitsegule, tiiumitse."

"Mukatsegula, pepala lisanduka phala. Mukaisiya, lidyeka pang'onopang'ono. Sankhani nokha imfa yake."

A Orval sanamve. Munthu wa mabaji ndi nkhutukumve, amwene! Anaikwirira mumpunga kuti uyamwe madziwo, anaiika pafupi ndi chitofu, anaipempherera kumene. Kadontho kofiirira kanayamba pakolala ya wofuna upulezidenti uja, ndipo a Orval anati kadye ameneyo, anali wabodza kale. Koma dzimbiri silidziwa chipani. Linawoloka. A Marlys ankalira kukhitchini, n'kumaphika mapayi a maapozi amene palibe ankawadya, ndipo a Orval anasowa wokalipira. Akalipire ndani, mkazi woti anangochapa malaya? Zinkawapweteka koopsa.

Pamene ankagonja n'kupita kwa a Kettering wojambula zithunzi, dzimbiri linali litadya kale chibwano ndi pakamwa pa bambo awo.

"Musadandaule, madala," anatero a Kettering. "Ndiijambula, ndikulitsa chithunzicho, pamene padyekapa ndikonza ndi kaburashi. Mungondiuza, pakamwa pawo panali potani? Ankamwetulira kapena anatseka milomo?"

"Ankamwetulira," anayankha a Orval msangamsanga. Kenaka anati, "Ayi, dikirani."

Anatsinzina. Nkhope imeneyi ankaiyang'ana m'mawa uliwonse asanamwe khofi, kuyambira ali mwana mpaka imvi. Chimene chinabwera m'maso mwawo chinali chidontho chofiirira chokhachokha. Anatsinzinanso mwamphamvu.

"Bwanji, madala?"

"Sindikudziwa, achimwene," anatero a Orval. "Bambo anga enieni, koma sindikudziwa."